Kabichi Wosungunuka ndi Mapesi Osaola: Mmene Mabakiteriya Amagumulira Khoma la Chomera

Mu Okutobala chaka chatha, nthawi imene dzuwa la kuno ku Chipata limaswa mtengo kuyambira m'mawa, ndinagula mutu wa kabichi ku Saturday Market, ndipo chifukwa chotanganidwa ndi kuchonga mayeso a ana anga a sayansi ndinausiya m'thumba la pulasitiki pakona ya khitchini. Patapita masiku atatu ndinamva fungo, ndipo nditamasula thumba lija ndinapeza masamba akunja atasanduka phala loterera, la mtundu wa dothi, lomata m'zala. Kuola kunayambira pamene mpeni wa wogulitsa unadula tsinde, n'kukwera motsatira misempha ya masamba, moti pamene panali polimba gwa dzana lake chala chinkangolowa ngati mu nthochi yopsa kwambiri.

Loweruka la mlungu womwewo ndinapita kumudzi kwa amalume, chakufupi ndi Katete. M'munda mwawo munali mapesi a chimanga chimene anakolola mu Meyi, ena ali chiimire, ena atagwa, ndipo ngakhale panali patapita miyezi isanu sanasonyeze n'komwe kuti ayamba kuola. Ng'ombe zawo zisanu ndi imodzi, za mtundu wa Angoni, zinkabudula makoko ndi masamba otsalira pamapesiwo, koma nthiti zinali kuwerengeka. Amalume anandiyang'ana n'kunena kuti, "Muphwa wanga, popeza iwe unapita kusukulu, tandiuza. Ng'ombezi zimadya tsiku lonse mpaka mimba kukhuta, nanga chakudyacho chimapita kuti?" Ndinawayankha mwachidule kuti mapesi ouma alibe chakudya chokwanira, koma yankholo silinandikhutiritse ine ndemwe, chifukwa ndinkadziwa kuti phesi ladzaza ndi shuga kuyambira kutsinde mpaka kungayaye. Kuuma ndi chifukwa chimodzi chimene phesi limakhalitsira, komabe ngakhale mvula itagwa mu Disembala limatha miyezi lisanafumbwe, pamene kabichi wanga anasungunuka m'masiku atatu. Kusiyana kumeneku kuli m'khoma la selo, ndiponso m'kuchuluka kwa zida zimene bakiteriya ayenera kukhala nazo kuti aligumule.

Selo lililonse la chomera lili ndi khoma, chinthu chimene maselo a m'thupi mwathu alibe, ndipo khomali ndi limene limaimiritsa phesi pamphepo ngakhale lilibe fupa. M'kalasi ndimaliyerekezera ndi nyumba ya mitengo yakumudzi. Nsichi ndi mbaliro zake ndi cellulose, ulusi wautali wosaduka msanga. Luzi lomangira mbalirozo ndi hemicellulose, amene m'chimanga, m'mapira ndi m'maudzu ena amakhala makamaka wa mtundu wotchedwa xylan. Matope omatira, amenenso amalumikiza selo lina ndi linzake, ndi pectin. Chomera chikayamba kukhwima chimathiramo chinthu chachinayi, lignin, amene amalowa m'mipata yonse n'kuuma ngati simenti, ndipo salola madzi kudutsa. Zitatu zoyambazo ndi shuga wolumikizidwa m'maunyolo, ndipo lignin yekha ndiye si shuga. Tsamba la kabichi lili ndi makoma opyapyala okhala ndi pectin wambiri ndi lignin wochepa, pamene phesi lokhwima lili ndi makoma ochindikala, pectin wochepa kwambiri, ndi lignin m'misempha monse.

Chimene ana asukulu amavutika kukhulupirira n'chakuti ufa wa nsima ndi ulusi wa phesi zinamangidwa ndi shuga wa mtundu umodzi, wotchedwa glucose. Katswiri wa ku France, Anselme Payen, ndi amene anapatula cellulose m'zomera mu 1838 n'kuona kuti zopangira zake n'zofanana ndi za sitachi wa mu ufa. Kusiyana kuli pa kalumikizidwe. Mu sitachi timagawo ta glucose timayang'ana mbali imodzi, choncho unyolo umapindika n'kusiya mipata yolowera madzi, ndipo enzayimu (puloteni yodula maunyolo otere) ya m'malovu mwathu imayamba kuudula nsima idakali m'kamwa. Mu cellulose kagawo kalikonse n'kotembenuzidwa chafufumimba poyerekeza ndi kanzake, choncho unyolo wa timagawo masauzande umawongoka, ndipo maunyolo ambiri amagona mogundizana kwambiri ngati bango la mphasa yolukidwa bwino. Ulusi wa thonje limene alimi athu amagulitsa ku Katete ndi ku Petauke pafupifupi wonse ndi cellulose, n'chifukwa chake chitenje cha thonje chimachapidwa zaka zambiri osasungunuka.

Bakiteriya alibe kamwa, ndipo sangameze phesi limene ndi lalikulu kumuposa kambirimbiri. Chimene amachita ndi kutulutsa maenzayimu kunja kwa thupi lake kuti adule maunyolo aja, iye n'kumayamwa tizidutswa. Enzayimu ndi puloteni yopindidwa mwanjira yakeyake, yokhala ndi kangalande kamene mumalowa mfundo ya mtundu umodzi wokha. Ikadula mfundoyo imatuluka yosasintha n'kupita pa ina. Popeza khoma la chomera lili ndi mfundo za mitundu yambirimbiri, palibe enzayimu imodzi imene ingaligumule lonse.

Kabichi wanga anagwa m'manja mwa mabakiteriya onga Pectobacterium carotovorum, amene kale ankatchedwa Erwinia, omwenso amaoletsa mbatata yachizungu, anyezi ndi karoti. Awa sadzivutitsa kwambiri ndi nsichi, amalunjika pamatope. Chida chawo chachikulu ndi maenzayimu otchedwa pectate lyase, amene amadula pectin wa pakati pa maselo, ndipo pectin akatha maselo amalekana, amaphulika, madzi ake n'kutayika, ndiye phala lija. Amalowera pabala, monga pamene mpeni unadula kapena pamene mutu unagunda pansi potsitsa m'galimoto, ndipo amakonda kutentha ndi chinyezi cha m'thumba lomanga. Chimene chinandichititsa chidwi nditawerenga n'chakuti sayamba msanga kutulutsa zida zawo. Aliyense amatulutsa kamankhwala kochepa kodziwitsa anzake kuti alipo, ndipo kamankhwalako kakachuluka amazindikira kuti gulu lakula, n'kutulutsa maenzayimu onse nthawi imodzi chomera chisanakonzeke kudziteteza. Ichi n'chifukwa chake mutu umaoneka wabwino madzulo, m'mawa n'kupezeka utalowa pansi. Amayi akamaviika chinangwa m'madzi masiku angapo mpaka kufewa amagwiritsanso ntchito maenzayimu odula pectin, kungoti pamenepo kufewako ndi kumene akufuna.

Tsopano ndifike pa mabanja a maenzayimu, amene ndi mtima wa nkhaniyi. Kwa zaka zambiri akatswiri ankatchula maenzayimu potengera ntchito imene amagwira: iyi imadula cellulose, iyi imadula xylan. Njirayi inali ngati kulemba anthu a m'mudzi kuti awa ndi akalipentala, awa ndi osula makasu, osafunsa za mtundu wawo. Mu 1991 Bernard Henrissat wa ku France anayesa njira ina. Anayerekezera kandandalikidwe ka ma amino acid, timagawo timene timapanga puloteni, m'maenzayimu pafupifupi 300 odula maunyolo a shuga, ndipo anaona kuti amagawika m'mabanja 35. Kumeneku kunali kufunsa chiwongo. Kwathu kuno munthu akati ndi Phiri, Banda kapena Jere timadziwa kumene anachokera, ngakhale wina ali mlimi, wina namwino, wina woyendetsa basi. Momwemonso maenzayimu a banja limodzi anachokera kwa kholo limodzi, amapindika mofanana, ndipo timagawo tiwiri ta asidi timene timagwira ntchito yodula timakhala pamalo amodzimodzi, koma chimene akudula chikhoza kusiyana. M'banja lotchedwa GH5 muli odula cellulose, odula mannan (hemicellulose wa mtundu wina) ndi odula xylan. Kumbali ina, odula xylan otchuka ali m'mabanja awiri osakhudzana konse, GH10 ndi GH11, monga akalipentala awiri a ziwongo zosiyana. A GH11 ndi aang'ono ndipo amalowa m'mipata yothina, pamene a GH10 ndi aakulu koma amatha kudula pafupi ndi pamene unyolo uli ndi nthambi.

Kuyambira 1998 mabanjawa amasungidwa m'kaundula wa pa intaneti wotchedwa CAZy, amene amayang'aniridwa ku Marseille, ndipo mabanja a GH okha anapitirira kale 150. Zilembo ziwirizi zimaimira maenzayimu odula mfundo mothandizidwa ndi madzi. Palinso mabanja a PL, momwe muli pectate lyase uja, amene amadula popanda kulowetsapo madzi, a CE amene amathothola timagulu ta asidi tokolowekedwa pa maunyolo, a AA amene amadula ndi okosijeni, ndiponso a CBM amene sadula kanthu koma ntchito yawo ndi kugwira. Phindu la kaundulayu n'lakuti masiku ano munthu angathe kutenga madzi a m'chifu cha ng'ombe, kuwerenga DNA yonse ili mmenemo, n'kudziwa zida zimene zilipo ngakhale asanaone bakiteriya mwini wake. Mu 2011 akatswiri a ku America anaika udzu m'timatumba, n'kutilowetsa m'chifu cha ng'ombe, ndipo mu DNA ya tizilombo timene tinamatirira pa udzuwo anapeza malangizo opangira maenzayimu otere oposa 27,000.

Pa cellulose penipeni pamafunika magulu atatu ogwira ntchito mopatsirana. Oyamba, amene ambiri ali m'mabanja a GH5 ndi GH9, amayenda pa ulusi kufunafuna pamene maunyolo alekana pang'ono, n'kudula pakati. Kudula kumeneku sikutulutsa shuga wambiri, koma kumachulukitsa nsonga. Achiwiri, monga a GH48 ndi ena a GH6, amagwira nsonga ya unyolo, n'kuulowetsa m'kamphako kawo, ndipo amayenda nawo akubudula timagawo tiwiritiwiri osausiya. Achitatu, a GH1 ndi GH3, amagawa tiwiri tija kukhala glucose mmodzimmodzi. Gulu lachitatuli limaoneka lopepuka, koma likasowa, tizidutswa tiwiritiwiri timaunjikana n'kutseka achiwiri aja, ntchito yonse n'kuima. Mukayesa gulu lililonse palokha n'kuphatikiza zimene atulutsa, zimachepa kwambiri poyerekeza ndi zimene amatulutsa akakhala pamodzi, mofanana ndi mmene wogwetsa mtengo, wodula nthambi ndi wowaza nkhuni amafulumizirana.

Koma m'phesi la chimanga cellulose safikirika luzi lisanamasulidwe, ndipo apa ndi pamene chimanga chimavutira kuposa kabichi. Xylan wa chimanga ndi unyolo wokhala ndi tinthambi m'mbali monse: pena shuga wotchedwa arabinose, pena glucuronic acid, pena asidi yemweyo wa mu viniga. Tinthambiti timalepheretsa unyolo kulowa m'kangalande ka enzayimu, choncho kanthambi ka mtundu uliwonse kamafuna wokachotsa wake. A m'mabanja a GH43 ndi GH51 amachotsa arabinose, a GH67 ndi GH115 amachotsa glucuronic acid, ndipo a CE amachotsa asidi wa viniga uja. Pamwamba pa izo, arabinose wina amanyamula ferulic acid, amene amagwirana ndi mnzake wa unyolo wina komanso ndi lignin, ngati msomali wokhomera luzi pa simenti. Msomali umenewu umazulidwa ndi maenzayimu ena a banja la CE1. Bakiteriya wofuna kudya phesi ayenera kukhala ndi zida zonsezi, kapena kukhala pafupi ndi anzake amene ali nazo.

Pali vuto linanso limene aliyense amene anatumapo mwana kutali angalimvetse. Bakiteriya akatulutsa enzayimu, amene amupangitsa kuwononga mphamvu zambiri, enzayimuyo ikhoza kutengedwa ndi madzi, ndipo shuga amene yadula akhoza kudyedwa ndi wina. Mabakiteriya a m'nthaka ndi a m'mulu wa kompositi, monga Streptomyces amene amapatsa dothi fungo lija la mvula yoyamba, amamwaza maenzayimu ambiri, ndipo ochuluka mwa iwo ali ndi kachigwiriro ka CBM kowakakamiza pa ulusi. Amene amakhala kopanda mpweya alibe mphamvu zomwaza chonchi, ndipo ena mwa iwo anapeza njira yosamala kwambiri. Mu 1983 Raphael Lamed ndi Edward Bayer a ku Israel, pofufuza chifukwa chake Clostridium thermocellum amamatirira pa cellulose, anapeza chimene anachitcha cellulosome. Bakiteriyayu, amene amakula bwino pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 60, amapanga puloteni yaitali yosadula kanthu, yokhala ndi malo asanu ndi anayi okolekapo maenzayimu. Ndimaiona ngati goli lalitali limene mwamangapo ng'ombe zisanu ndi zinayi. Enzayimu iliyonse, kaya ya GH48, GH9 kapena GH10, ili ndi kachingwe kolowa pamalo aliwonse a goli, goli lili ndi chigwiriro chake chomata pa cellulose, ndipo mbali ina lamangiriridwa pa thupi la bakiteriya. Motero wodula pakati akangotsegula nsonga, wobudula ali pomwepo, ndipo shuga amagwera pakhomo pa mwini wake.

Ndili mnyamata, pa mwambo woika chiliza cha agogo, anapha ng'ombe, ndipo ine ndi msuweni wanga anatituma kukatsuka chifu kudambo. Titachiboola munatuluka nthunzi yotentha ndi fungo lowawasa lolasa m'mphuno. Pamwamba panali udzu wautali wolukanalukana ngati chisa cha mbalame, pansi pake panali phala lobiriwira, ndipo pansi penipeni panali madzi. Khungu la m'kati linali ndi timanyenje ngati thaulo. Ndinkaganiza kuti ndikuona chakudya chimene ng'ombe inali isanamalize kugaya, koma zoona zake n'zakuti ndinali kuona munda wa mabakiteriya, umene ng'ombe imaufunditsa pa madigiri 39, kuuthirira ndi malovu okhala ndi soda, ndi kuugaulira udzu pobzikula. M'mililita imodzi ya madzi amenewo mumakhala mabakiteriya mabiliyoni ambiri, pamodzi ndi nkhungu ndi tizilombo tina ta selo limodzi. Ng'ombe payokha ilibe enzayimu yodulira cellulose.

Robert Hungate wa ku America ndiye anapeza njira yowetera mabakiteriyawa m'timachubu topanda mpweya cha m'ma 1950, popeza okosijeni amawapha. Atatu ndi amene amadziwika kwambiri pa kudya ulusi. Ruminococcus flavefaciens ali ndi cellulosome ya magoli okolekana, ndipo mu mtundu wina wa iye anawerengamo mapuloteni oposa 200 okhala ndi kachingwe kolowera pagoli. Ruminococcus albus ndi mnzake wapafupi. Fibrobacter succinogenes ndi wa khalidwe lake: alibe cellulosome, amangodzimata zolimba pa khoma, ndipo amadula xylan amene iye sadya n'komwe, pofuna kungofika pa cellulose. Tizidutswa ta xylan timene wasiya timadyedwa ndi ena monga Prevotella ndi Butyrivibrio. Shuga yense ameneyu safika kwa ng'ombe ngati shuga. Mabakiteriya amamudya okha n'kutaya maasidi atatu, acetate, propionate ndi butyrate, amene amalowa m'magazi kudzera m'timanyenje ta thaulo tija n'kupatsa ng'ombe pafupifupi magawo 70 pa 100 a mphamvu zake. Mabakiteriya enieniwo akamakokoloka kupita m'matumbo amagayidwa, ndipo ndiwo puloteni yaikulu imene ng'ombe imamangira mnofu ndi mkaka.

Ifenso tili ndi munda wathu waung'ono m'matumbo aakulu. Thupi la munthu limapanga maenzayimu osakwana 20 ogayira maunyolo a shuga a m'chakudya, pamene bakiteriya mmodzi wa m'matumbo, Bacteroides thetaiotaomicron, ali ndi oposa 200. Iye amasunga zida zake m'DNA m'mitolomitolo, mtolo uliwonse wa chakudya chake, ndipo amaumasula pokhapokha chakudyacho chafika. Mu 2017 ofufuza a ku Newcastle anaonetsa kuti bakiteriyayu amadula mfundo 20 mwa mitundu 21 ya mfundo za pectin wovuta kuposa onse, ndipo pa ntchito imeneyo anatulukira mabanja atsopano asanu ndi awiri. Chibwabwa, bonongwe ndi nyemba zimene timadyera nsima zimadyetsanso amenewa.

Banja lina, la m'gulu la AA lija, linadziwika mochedwa. Mu 2010 akatswiri a ku Norway anapeza kuti puloteni ina ya bakiteriya Serratia marcescens, imene ankaiyesa chigwiriro chabe, imadula ulusi wothinana wa chitin, umene ndi wofanana ndi cellulose, pogwiritsa ntchito okosijeni, ndipo posakhalitsa zinadziwika kuti pamtima pake pali kachidutswa kamodzi ka mkuwa, chitsulo chomwechi chimene dziko lathu limakumba. Maenzayimu oterewa ali ndi nkhope yafulati yogona pamwamba pa mphasa ya cellulose, n'kuboola pamene ena alephera kulowa. Amathandiza m'nthaka ndi m'kompositi, koma m'chifu, mopanda mpweya, sangagwire ntchito. N'chimodzimodzinso ndi lignin, amene kumugumula kwenikweni kumafuna okosijeni, ndipo akatswiri ake ndi nkhungu zoyera zija zimene timaziona pa chipika chofumbwa. Chiswe cha m'chulu chinathetsa vutoli polima bowa wakewake pa mapesi otafuna, ndipo mmodzi wa bowa ameneyu, Termitomyces titanicus, wamkulu kuposa bowa wina aliyense wodyedwa, anayamba kulembedwa m'mabuku a sayansi mu 1980 kuchokera kuno ku Zambia. Ng'ombe ilibe mwayi umenewo, choncho cellulose wokutidwa ndi lignin amadutsa m'mimba n'kutuluka ndi ndowe.

Nditabwerera kwa amalume pa Khirisimasi ndinawafotokozera kuti amene amawadyetsa mapesi ndi tizilombo ta m'chifu, ndipo kuti zida zawo zonse, za mabanja onse aja, zimapangidwa ndi puloteni. Puloteni imafuna nayitirojeni, ndipo phesi louma lili ndi yochepa: puloteni yake nthawi zambiri safika magawo 7 pa 100 amene mabakiteriya amafunika kuti azichulukana bwino. Akachepa, phesi limakhalitsa m'chifu, ng'ombe imamva kukhuta n'kuleka kudya, ndipo imaonda mimba ili yodzaza. Masamba ndi mitsitsi youma ya nshawa, makoko a nyemba, masamba a gliricidia amene alimi ambiri a m'chigawo chathu abzala, ndi zipatso za msangu zimene zimagwa m'chilimwe momwemo, zimabweretsa nayitirojeni imeneyi. Kuwonjezera zimenezi tsiku ndi tsiku kumachititsa kuti phesi lomwe lija ligayike kwambiri.

Amalume anakhala chete, kenako anandikumbutsa za ng'ombe yawo yolimira imene zaka zingapo zapitazo inapeza mphale atayanika pamphasa n'kudya mpaka kutsala pang'ono kumaliza. Mawa lake inaima mutu uli pansi, yosabzikula, mimba itafufuma, ndowe zake zili zamadzi ndi zowawasa. Inapulumuka, koma kwa milungu iwiri udzu unkangoudutsa. Anandifunsa kuti, "Ngati chimanga ndi chakudya chabwino, chinaipwetekeranji?" Sitachi amagayika msanga kwambiri, ndipo mabakiteriya ena monga Streptococcus bovis amachulukana naye mofulumira n'kutulutsa asidi wonga wa mu mkaka wosasa. Odya ulusi aja amafooka asidi akangochuluka pang'ono, pamene muyeso wa pH, umene umatsika asidi akamachuluka, wafika pansi pa 6, ndipo ambiri amafa. Ng'ombe imatsala ndi chifu chopanda amisiri, ndipo pamatenga masiku ambiri kuti abwerere. Pa chifukwa chomwechi gaga ayenera kupatsidwa pang'onopang'ono, ndipo chakudya chilichonse chatsopano chiyenera kulowetsedwa kwa milungu iwiri, kuti mabakiteriya okhala ndi zida zoyenera apeze nthawi yochulukana.

Azakhali, akazi a amalume, amene ankamvetsera akusefa chidulo pachikho chobooka, ndi amene anandipatsa chitsanzo chabwino koposa chimene ndinali nacho. Madzi odutsa m'phulusa la zitsononkho amafewetsa ndiwo zolimba chifukwa ndi a mtundu wa soda, ndipo madzi otere amamasula pectin ndi kuthyola mfundo zonga zija zimene mabanja a CE amadula. Alangizi a ziweto amaphunzitsa njira yofanana nayo pa mapesi: kusungunula makilogalamu 4 kapena 5 a feteleza wa urea m'madzi pa makilogalamu 100 a mapesi oduladula, kuwaza, kupondereza m'dzenje ndi kuphimba ndi pulasitiki kwa milungu itatu. Enzayimu ina ya mabakiteriya okhala pa mapesiwo imasandutsa urea kukhala ammonia, amene amazula ina mwa misomali yolumikiza xylan ndi lignin, n'kusiyamonso nayitirojeni. Ndinawachenjeza amalume mobwerezabwereza kuti urea wosasungunuka bwino, kapena wopyola muyeso, amapha ng'ombe m'maola ochepa, ndipo kuti koyamba tidzachite mlangizi ali pomwepo.

Zimandiwawa mtima ndikamadutsa pamsewu wa Great East mu Ogasiti n'kuona minda ikuyaka chifukwa cha kusaka mbewa kapena kufuna kuyeretsa msanga, makamaka nditaona mmene ziweto zinavutikira pambuyo pa chilala cha 2024, chimene boma linachilengeza kuti ndi ngozi ya dziko lonse kumapeto kwa Febuluwale chaka chimenecho. M'phesi lililonse lopsa muli shuga amene chimanga chinamanga kwa miyezi inayi, amene akadakhala mkaka, mphamvu ya pagoli kapena manyowa.

Tisanasiyane amalume ananditengera kukhola, natola kamtengo, n'kuphwanya ndowe ziwiri. Ina inali youma ya mu Okutobala, yolimba ndi ya mizeremizere, ndipo m'kati mwake munali tizidutswa ta phesi totalika ngati chikhadabo, toonekabe misempha yake. Ina inali ya m'mawa womwewo, ng'ombe zitadya msipu wa mvula kwa milungu itatu, ndipo inali yosalala ngati phala, yopanda ulusi wogwirika ndi zala. Anati iwo akhala akuwerenga ndowe chonchi kuyambira ali m'busa, kungoti sankadziwa kuti akuwerenga ntchito ya ndani. Tinagwirizana kuti mu Meyi, akangokumba nshawa, tidzamanga thandala pafupi ndi khola loti tisanjikepo masamba ake pamthunzi asanayoyoke, ndipo mapesi a munda wa kumtunda tidzawadula adakali ndi masamba n'kuwaunjika pomwepo, ng'ombe za m'mudzi zisanamasulidwe.